Kabuku koyenda nako ka Jan van Goyen: mmene zojambula za panjira zinkasandukira zithunzi zogulitsa

Mukamafufuza ntchito za Jan van Goyen, wojambula zithunzi wa ku Netherlands wa m'zaka za m'ma 1600, m'nyumba zosungiramo zithunzi zakale ku Ulaya ndi ku America, mumakumana ndi timapepala tambirimbiri tofanana kukula, pafupifupi masentimita 10 kuchoka pansi kufika pamwamba ndi 16 chopingasa. Tonse n'tojambulidwa ndi choko chakuda, ndipo tambiri tili ndi nambala pakona ya kumwamba chakumanja. Pena pali mabwato pagombe, pena nsanja ya tchalitchi kuseri kwa mitengo, pena ngolo ndi kagulu ka anthu ataima pamsewu. Timapepalati tinali masamba a buku lomwe mkuluyu ankayenda nalo mu 1650 ndi 1651. Patapita zaka zambiri iye atamwalira, ogulitsa zithunzi anamasula bukulo n'kumagulitsa tsamba lililonse palokha, moti lero masamba ake ambiri ali balala m'mayiko osiyanasiyana.

Munthu akaona masambawa koyamba amaganiza kuti akuona dziko la Netherlands ndendende mmene linalili, ngati kuti wina anayenda ndi kamera. Zoona zilimo, koma bukuli linali chida cha ntchito. Inali nkhokwe yomwe mwini wake ankatapamo nsanja, bwato kapena msodzi nthawi iliyonse akafuna kudzaza chithunzi choti akagulitse. Kuti tidziwe pomwe tingalikhulupirire ndi pomwe tiyenera kuchenjera nalo, m'pofunika kudziwa mmene linapangidwira ndi mmene ankaligwiritsira ntchito.

Van Goyen anabadwira ku Leiden mu 1596, mwana wa mmisiri wosoka nsapato. Anadutsa m'manja mwa aphunzitsi angapo, koma amene anamuumba ndi Esaias van de Velde wa ku Haarlem, mmodzi wa oyamba kujambula midzi ya Adatchi, anthu a ku Netherlands, mmene imaonekera, yodzaza alimi, apaulendo ndi anthu osewera pamadzi oundana. Zithunzi zoyambirira za Van Goyen zinali zotero ndithu: mudzi, msewu ndi anthu ali pa ntchito zawo za tsiku ndi tsiku. Mu 1632 anasamukira ku The Hague. Pang'onopang'ono anthu m'zithunzi zake anayamba kuchepa msinkhu, thambo ndi madzi n'kumakula, koma sanasiye kuwajambula. Mwana wake Margriet anakwatiwa mu 1649 ndi Jan Steen, yemwe anadzatchuka ndi zithunzi za m'mabanja ndi m'nyumba zomwera mowa. Zithunzi zapenti za Van Goyen zomwe zikudziwika lero ndi pafupifupi 1,200. Ankagulitsanso zithunzi za anzake, kugula ndi kumanga nyumba, ndipo analowa nawo malonda a maluwa a tulip omwe anagwa mu 1637. Anamwalira mu 1656 ali ndi ngongole ya magilda (ndalama za Adatchi za nthawiyo) pafupifupi 18,000, pa nthawi yomwe mmisiri wamba ankalandira mwina gilda imodzi patsiku.

Chifukwa chake penti sinkatuluka panja

Nthawi imeneyo penti sinkagulidwa yokonzakonza. Wojambula kapena mnyamata wake ankapera ufa wa utoto pamwala wosalala, kuusakaniza ndi mafuta a mbewu ya linseed, mlingo wongokwanira tsikulo kapena masiku ochepa. Yotsala ankaisunga m'tizikhodzodzo ta nkhumba tomanga kukamwa, ndipo akaboola kamodzi pentiyo inkayamba kuuma. Machubu a chitsulo ofinya anabwera mochedwa kwambiri, mu 1841, atapangidwa ndi John Goffe Rand. Onjezani thabwa lolemera, mphepo ya m'mphepete mwa nyanja ndi fumbi lomatirira papenti yaiwisi, muona chifukwa chake ntchito inagawika pawiri: panja choko ndi pepala, m'nyumba penti ndi thabwa. Karel van Mander, m'buku lake la malangizo kwa ojambula la 1604, analimbikitsa achinyamata kulawirira kunja kwa mzinda, kujambula zimene akuona, kenako kubwerera kunyumba kukazipanga chithunzi.

Pepala ndi kasokedwe ka buku

Pepala la nthawiyo linkapangidwa ndi sanza za nsalu ya linen. Sanzazo ankazivunditsa, kuzisinja ndi nyundo zoyendera madzi mpaka zitasanduka phala, kenako mmisiri ankaviika sefa ya mawaya m'phalalo n'kutulutsa pepala limodzi limodzi. Likauma ankaliviika m'guluu wochokera ku zikopa ndi mafupa kuti inki isamalowerere. Mukaliyang'anitsa kowala mumaona mizere yothinana yambiri, ndi ina yotalikirana pafupifupi masentimita awiri ndi theka yodutsa mopingasa. Mumaonanso chizindikiro cha fakitale, chomwe chinkapangidwa ndi kawaya kosokerera pasefa: duwa, chipewa cha wanthabwala, kapena chishango cha mzinda wa Amsterdam. M'masiku a Van Goyen pepala loyera labwino linkachokera kunja, makamaka ku France ndi ku Germany. Mafakitale a ku Zaan, dera la pafupi ndi Amsterdam, anayamba kupanga loyera cha m'ma 1670.

Pepala lalikulu la masentimita pafupifupi 32 kwa 40 mukalipinda kamodzi limapereka masamba awiri, kawiri masamba 4, katatu masamba 8 a masentimita pafupifupi 10 kwa 16. Apa pali kanthu kothandiza ofufuza. Chizindikiro cha fakitale chimakhala pakati pa theka limodzi la pepala lalikululo, pomwe mpindo wachiwiri ndi wachitatu zimadutsana. Choncho pepala likadulidwa, chizindikirocho chimagawika panayi: masamba 4 amatenga kachidutswa pakona, enawo satenga kanthu pa chizindikirocho. Mapepala opindawa ankawalowetsana m'timitolo, kusoka ndi ulusi pampindo, n'kukutira ndi chikopa chopyapyala cholimba. Tsamba lililonse lili ndi mnzake wa mbali ina ya ulusi, yemwe anali naye pepala limodzi.

Choko

Choko chakuda chomwe ankagwiritsa ntchito ndi mwala wofewa wokumbidwa pansi, dongo louma losakanikirana ndi kaboni. Ankaucheka ndi sowo kukhala timitengo, kusongola ndi mpeni, n'kukanikiza m'kachogwirira kachitsulo. Pensulo monga tikuidziwa lero kunalibe. Graphite, chinthu chakuda chomwe chimalemba m'pensulo za lero, inali itapezeka kale ku Borrowdale ku England m'zaka za m'ma 1500, koma njira yoisakaniza ndi dongo kuti ikhale yolimba mosiyanasiyana inabwera ndi Nicolas-Jacques Conté mu 1795.

Choko chili ndi ubwino woonekeratu kwa munthu wapaulendo. Sichifuna madzi kapena botolo la inki, sichidontha, ndipo chimamvera dzanja: mukangokhudza pang'ono chimasiya mzere wotuwa woyenera zinthu zakutali, mukakanikiza chimada bii, zoyenera bwato lomwe lili pafupi. Vuto lake n'loti sichilowa m'pepala, chimangokhala pamwamba pa ulusi wake. Buku likatsekedwa n'kumagwedezeka m'thumba, fumbi la choko limadinda chithunzi chotembenuka patsamba loyang'anana nalo. Kwa wojambula kumeneko n'kuwonongeka, koma kwa ofufuza a lero ndi umboni wa tsamba lomwe linagundana ndi linzake. Mwala wosasankhidwa bwino umakhalanso ndi timchenga tomwe timakanda pepala m'malo molemba.

Mmene tsamba limadzazidwira

Masamba a Van Goyen akaikidwa pamodzi amaonetsa dongosolo lobwerezabwereza. Mzere wa m'chizimezime, pomwe thambo limakumana ndi dziko, amauika m'munsi, nthawi zambiri osapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a tsamba. Kenako pamabwera mkombero wa gombe kapena msewu wolowera chammbali, womwe umakokera diso mkati. Nyumba, nsanja ndi zigayo zoyendera mphepo amazisamalira kuposa china chilichonse: denga lapindika pati, mawindo ali angati, khoma lagumuka potani. Mitengo ndi timizere tozungulirazungulira tolembedwa osanyamula dzanja. Munthu ndi mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, chipewa, msana wowerama, miyendo, nkhope palibe. Komabe mumatha kusiyanitsa wokoka khoka ndi wopalasa bwato, mayi wosenza dengu ndi bambo wotsamira ndodo, chifukwa chimene ankagwira ndi kaimidwe ka thupi. Chithunzithunzi cha m'madzi ndi mizere yochepa yopingasa. Kumwamba nthawi zambiri kumatsala pepala loyera.

Kusiya thambo lopanda kanthu n'kodabwitsa kwa munthu amene amadziwa zithunzi zake zapenti, pomwe mitambo imatenga magawo awiri mwa atatu a thabwa, nthawi zina kuposa. Tanthauzo lake n'loti mitambo yotchukayo inkabadwira m'nyumba, kuchokera m'mutu ndi m'chizolowezi cha dzanja. Zimene ankafuna panja ndi zokhazo zomwe mutu sungasunge bwino: maonekedwe a nyumba inayake, kapangidwe ka bwato, kakhalidwe ka gulu la anthu.

Malo ambiri amaoneka ngati wojambulayo anali pamadzi, maso ali pafupi ndi mtsinje. N'zomveka, chifukwa ulendo m'dzikolo unali wapamadzi. Kuyambira mu 1632 pakati pa Amsterdam ndi Haarlem pankayenda bwato lokokedwa ndi hatchi m'ngalande, ndipo njira zotero zinafalikira m'mizinda ina. Liwiro lake linali pafupifupi makilomita 7 pa ola, losagwedeza, lokwanira kuti munthu wa dzanja lachangu agwire nsanja isanabisike.

Ulendo wa 1650 ndi 1651

Nkhondo ya zaka 80 pakati pa Adatchi ndi Spain inatha mu 1648 ndi pangano la ku Münster, ndipo kuyenda kunaphweka. Buku lina la Van Goyen la zaka zomwezo, lomwe likusungidwa ku Kupferstich-Kabinett, nyumba yosungira zojambula mumzinda wa Dresden ku Germany, lili ndi malo a ku Antwerp ndi Brussels. Lina la m'ma 1640 lili ku Museum Bredius ku The Hague. Lomwe linamasulidwa lija limatsata ulendo wa kum'mawa, m'mitsinje ya Waal ndi Rhine: Nijmegen, Kleve, Elten, Arnhem. Kenako masamba amabwerera kumadera a Amsterdam ndi Haarlem.

Ku Nijmegen kunali linga lakale la Valkhof pamwamba pa gombe, lomwe Van Goyen analijambula kambirimbiri. Lingali linagwetsedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, kunangotsala katchalitchi ndi chibwinja cha khoma limodzi, choncho zojambula za iye ndi anzake ndi zina mwa zomwe akatswiri a mbiri ya zomangamanga amadalira. Pamenepa bukuli ndi mboni yeniyeni.

Umboni wina wamphamvu ndi wa madzi osefukira. Usiku wa pa 4 kulowa pa 5 Malichi 1651, mkuntho unakankha madzi a nyanja n'kuboola dayiki ya Sint Anthonis, khoma la dothi lotchinga madzi kum'mawa kwa Amsterdam, pafupi ndi kamudzi ka Houtewael. Van Goyen anapita kukaona ndipo anajambula malo ogumukawo m'buku lomweli. Ojambula ena, monga Jan Asselijn, anapanga zithunzi zapenti za ngoziyo, madzi akukhuthuka mwaukali. Masamba a Van Goyen ndi ofatsa, akuonetsa mpata m'khoma, mabwato ndi anthu pamalopo. Popeza tsiku la ngoziyo likudziwika, masamba amenewa amathandiza kuika zaka pa ena oyandikana nawo manambala.

Kuchoka m'buku kupita kumsika

Kuchokera m'buku munkatuluka katundu wamitundu iwiri. Woyamba ndi zojambula zapapepala zomalizidwa, zokulirapo, za choko chomwecho koma zopakidwa mthunzi wotuwa ndi burashi yoviika m'inki ya mwaye yosungunula ndi madzi ambiri. Izi ankazisainira ndi zilembo VG ndi chaka, ndipo zambiri ndi za 1651 mpaka 1653: misika, asodzi akugulitsa nsomba pagombe, anthu akudikira pantoni. Siginecha ndi chaka ndi chizindikiro chakuti tsambalo linapangidwira wogula. Masamba a m'buku loyenda nalo kawirikawiri alibe zimenezi.

Wachiwiri ndi zithunzi zapenti. Thabwa linkakhala la mtengo wa oak, lopakidwa choko choyera chosakaniza ndi guluu mopyapyala kwambiri, kenako kautoto kofiirira pang'ono. Mitundu inali yochepa ndi yotchipa: woyera wa mtovu, dothi lachikasu ndi lofiirira, wakuda, ndi buluu pang'ono. Ankapaka penti yaiwisi pamwamba pa inzake isanaume, motero chithunzi chinkatha msanga. Wojambula wina, Samuel van Hoogstraten, analemba mu 1678 za mpikisano wa ojambula atatu, Van Goyen, Jan Porcellis ndi François Knibbergen, woti aliyense amalize chithunzi tsiku limodzi. Akuti Van Goyen anayamba wapaka thabwa lonse mabala owala ndi akuda, kenako n'kumatulutsamo nyumba, mabwato ndi anthu. Amene anapambana anali Porcellis, koma nkhaniyo ikuonetsa kagwiridwe ka ntchito komwe kankafuna kuti munthu akhale ndi zinthu zokonzeka zoti aziponya m'mabalamo. Liwiroli linkatsitsa mtengo: zithunzi zake zambiri zinkagulidwa ndi anthu wamba a m'tauni pa magilda ochepa. Ntchito yaikulu inali ya 1651, chithunzi cha mzinda wa The Hague chotalika mamita oposa 4, chomwe akuluakulu a mzindawo analipira magilda 650.

Pomwe wowerenga ayenera kuchenjera ndi apa. Chipata cha Pelkus, kansanja komwe kanali m'mbali mwa mtsinje wa Vecht pafupi ndi Utrecht, chimapezeka m'zithunzi zake pafupifupi 12. Nsanjayo ndi yomweyo, koma malo oizungulira amasintha: pano mtsinje ndi waukulu, apo pabwera tchalitchi chomwe kunalibe. Chimodzi mwa zithunzizi, cha 1646, chili ku Metropolitan Museum ku New York. Anthu nawonso ankasamutsidwa chimodzimodzi. Kagulu ka asodzi kojambulidwa pamtsinje wina kankatha kukaikidwa kutsogolo kwa mzinda wina. Choncho tsamba la m'buku lingakuuzeni zoona za denga la nyumba kapena mtundu wa ngolo, koma chithunzi chapenti sichingakutsimikizireni kuti zinthu zonsezo zinakhalapo pamalo amodzi tsiku limodzi. Ngakhale m'buku momwemo, wojambula ankasankha. Nyumba zakugwa, mabwinja ndi mabwato a asodzi zilimo zambiri, chifukwa ndi zomwe ogula a m'tauni ankakonda kupachika pakhoma.

Phunziro la masamba a Savery

Van Goyen sanali woyamba kujambula panja zinthu zoti akazigwiritse ntchito m'zithunzi zapenti. Pali zojambula pafupifupi 80 za alimi, amayi a pamsika, opemphapempha ndi okwera hatchi, zojambulidwa ndi choko kenako kudutsidwanso ndi inki, zambiri zoonetsa munthu chakumbuyo kapena chammbali, monga amaonekera munthu amene sakudziwa kuti akujambulidwa. Pambali pa chovala chilichonse pali mawu ofotokoza mtundu wake, kuti wojambula akafika kunyumba adziwe penti yoti apake. Kwa zaka zambiri akatswiri ankati ndi za Pieter Bruegel wamkulu, tate wa zithunzi za alimi, yemwe anamwalira mu 1569, ndipo mabuku ankazigwiritsa ntchito pofotokoza moyo wa alimi a ku Flanders, dera la ku Belgium ya lero. Cha m'ma 1970 ofufuza awiri, Joaneath Spicer ndi Frans van Leeuwen, anaonetsa kuti ndi za Roelandt Savery, yemwe ankagwira ntchito ku Prague kwa mfumu Rudolf II kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600. Kalembedwe ka mawu, zovala za ku Bohemia, dera lomwe kuli Prague, ndi kupezeka kwa anthu omwewo m'zithunzi zapenti za Savery ndi zomwe zinaulula. Masamba omwewo anasamuka dziko, n'kusunthanso zaka pafupifupi 40.

Savery yemweyo anatumidwa ku mapiri a Tyrol kukajambula mathithi ndi matanthwe. Buku la zojambula zake za kumeneko linapezeka pa mndandanda wa katundu wa wojambula wotchuka Rembrandt mu 1656, pomwe Rembrandtyo anagwa m'ngongole. Mabuku otere anali chuma chogulitsika ngakhale kalelo, ndipo ojambula ankatapa m'mabuku a anzawo.

Zimene zimawonongeka, ndi kulumikizanso buku

Kumasula buku kumapindulitsa wogulitsa, chifukwa masamba 200 ogulitsidwa limodzi limodzi amabweretsa ndalama zambiri kuposa buku limodzi. Chimene chimatayika ndi ndondomeko ya ulendo. Tsamba losonyeza mtsinje wopanda dzina likanadziwika malo ake likanakhala pakati pa Nijmegen ndi Kleve, koma palokha ndi mtsinje chabe. Eni ake atsopano ankachekanso m'mphepete kuti tsamba lilowe m'felemu, n'kutaya mabowo a ulusi ndi kachidutswa ka chizindikiro cha fakitale. Ena ankajambulira mzere wa inki kuzungulira tsamba, ena ankamata tsambalo lonse pakatoni moti kumbuyo sikuonekanso. Pa masamba ena mthunzi wotuwa unawonjezedwa ndi dzanja lina pofuna kuti sikechi ioneke yomalizidwa. Zimadziwika pomwe burashi ikutsutsana ndi choko, mwachitsanzo mthunzi ukugwera mbali yomwe mizere ikusonyeza kuti kukuchokera kuwala.

Polumikizanso buku, ofufuza amayamba ndi manambala a pakona, ngakhale kuti manambala otere nthawi zina amalembedwa ndi mwini wina wapambuyo, kotero sawakhulupirira okha. Amayeza kutalikirana kwa mizere ya m'pepala kuti apeze masamba ochokera m'sefa imodzi. Amalumikiza zidutswa za chizindikiro cha fakitale. Amayang'ana fumbi la choko lomwe linadinda kumbuyo kwa tsamba lina, ndi madontho a madzi kapena mabowo a tizilombo omwe amadutsa masamba angapo pamalo amodzi, kukula kapena kuchepa motsatana. Hans-Ulrich Beck, yemwe anasonkhanitsa mndandanda wa ntchito zonse za Van Goyen m'zaka za m'ma 1970, ndi amene anayala maziko omwe ena akumangapo mpaka lero.

Choko pachokha sichifwifwa ndi kuwala, koma pepala limafiira n'kuyamba kuphwanyika. Inki yakale yopangidwa ndi zotupa za mtengo wa oak ndi mchere wa chitsulo ndi yoopsa kwambiri: imasanduka yofiirira, asidi wake n'kudya pepala mpaka mzere kusanduka bowo. Chinyezi chikapitirira 65 peresenti nkhungu imamera, ndipo timadontho tofiirira timabuka. Selotepi imasiya banga lachikasu lomwe silichoka. N'chifukwa chake osamalira zinthuzi amasunga chinyezi pafupifupi 50 peresenti ndi kutentha kwa madigiri 18 mpaka 20, ndipo pomata amagwiritsa ntchito timizere ta pepala la ku Japan ndi phala la sitachi ya tirigu, lomwe limamasuka ndi madzi pang'ono.

Buku lomwe likadali losokedwa lili ndi vuto lake. Silitsegulidwa kuti ligone fulati, chifukwa ulusi ndi msana zimathyoka. Amaligoneka pa kachotengera kopangidwira bukulo, lotseguka pafupifupi madigiri 90 mpaka 120, masamba atagwidwa ndi kalamba kopyapyala koonekera. Kuwala sikupitirira ma lux 50 (lux ndi muyeso wa kuwala), ndipo pakatha miyezi itatu limabwerera mumdima kwa zaka zingapo, kapena amatsegula tsamba lina. Mlendo wa kumalo oonetserako amaona masamba awiri okha pa ulendo wake, choncho amene akufuna kutsata buku lonse amadalira makope osindikizidwa ndi zithunzi zomwe nyumba zosungira zinthuzi zimaika pa intaneti.